Khoswe Wolera Ana Obwereka

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anaphunzira sukulu mpaka tsitsi linawathawa pamutu, ndipo zonsezo anaphunzirira makoswe. Osati kuwapha ayi. Zikanakhala choncho bwenzi tikuti munthu ali ndi ntchito yothandiza dziko. Iwo amawaweta, kuwadyetsa, kuwapima pasikelo, kenako n'kukoka mpando kumawayang'ana. Kuntchito kwawo amawatchula kuti Dokotala. Kwathu tinkangoti a Makoswe, ndipo poti munthuyo sasiyanitsa ulemu ndi chipongwe, ankavomera mokondwa.

Funso limene linawadyera unyamata wawo wonse linali ili: n'chifukwa chiyani khoswe wamkazi akakhala ndi bere amayamba kutolera timapepala n'kumanga chisa, ndipo akaswa amasamala ana ake? Ine ndinkati funso limeneli ngakhale mwana wa sitandade wani angayankhe. Amawasamala chifukwa ndi ana ake. Alamu ankaseka mondimvera chisoni.

"Alamu, palibe za chikondi pamenepo," ankatero. "Ndi mahomoni basi, timadzi ta m'thupi timene timalamula ubongo. Bere likamayandikira kutha, ena amatsika, ena amakwera, ndiye ubongo umatembenuka. Chimene inu mumati chikondi cha mayi, ine ndikhoza kuchiika m'jakisoni."

Ine ndine telala. Ndili ndi kashopu m'mbali mwa msewu, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa misomali. Banja langa linatha kalekale pa nkhani imene mukuiganizayo. Zaka zinapita, mimba osaoneka, apongozi anayamba kutsokomola ndikamadutsa, ndipo amuna anga anakapeza wina amene anawapatsa mapasa chaka chisanathe. Kuyambira pamenepo ana a anthu sindinkawanyamula. Kasitomala akabwera ndi khanda n'kunena kuti tandigwirirani ndiyese diresi, ndinkamulozera benchi. Sindinkadana nawo ana. Kungoti bala ukalidziwa pamene lili sulikanda.

Alamu ankazidziwa zonsezi, koma kudziwa kwawo sikunkafika pakamwa. Tsiku lina tikudya kwawo, mng'ono wanga ali ndi pakati pooneka ndithu, anayamba kutiphunzitsa osapemphedwa.

"Khoswe amene sanakhalepo ndi bere, ukamuikira tiana, amathawira pakona," anatero, maso ali pa ine. "Ena amatikwirira ndi utuchi kuti asationenso."

Mng'ono wanga anawaponda phazi pansi pa tebulo. Iwo anasuzumira pansipo n'kufunsa ngati m'nyumba muno muli mphaka.

Mng'ono wangayo anavutika nawo miyezi imeneyo. Akapinda timalaya ta mwana n'kutiika m'kabati, alamu ankaima pakhomo manja kumbuyo n'kumati, "Aha, chisa chayamba." Akasuntha bedi kuti asese kunsi, ankati mahomoni akugwira ntchito bwino. Mkazi wawo ankangoseka, chifukwa iye ndi wamtima wabwino kuposa ine, ndipo mwina n'chifukwa chake anakwatiwa ndi munthu wotere n'kupirira.

Ku labu kwawo ndinapitako kamodzi, kukasiya makhoti awo oyera amene ndinawasokera matumba. Ndinkafuna kungosiya pachitseko, koma anandikokera mkati. Chinali chipinda chopanda windo, chozizira, mashelefu mbali zonse, ndipo pamashelefupo mabokosi a pulasitiki oonekera mkati, pamwamba pali waya ndi botolo la madzi lozondoka. Fungo la utuchi ndi mkodzo linkalowa mpaka m'mano. Makoswe ake anali oyera mbee, maso ofiira, onenepa kuposa anthu ena ogwira ntchito m'boma.

Anatsitsa bokosi limodzi. Munali khoswe atafungatira tiana tofiira, topanda ubweya, maso osatsegula. Alamu anatitola ndi dzanja la gulovu n'kutimwaza m'makona. Mayi uja sanachedwe. Anathamanga, kuluma kamodzi pakhosi mosamala, kukakasiya m'chisa, kubwerera kena, mpaka tonse tinatha. Kenako anatigonera pamwamba.

"Mwaona? Mahomoni amenewo," anatero monyada, ngati anamulenga ndi iwo.

Kenako anatsitsa lina. "Uyu ndiye wosangalatsa. Sanakhalepo ndi bere. Jakisoni sitinamubaye. Timangomuikira ana obwereka kwa mayi wina, okhuta kale. Akamva njala timawabweza kwa mayi awo kuti akayamwe, n'kumubweretsera ena. Poyamba ankathawa. Kenako anayamba kugona chapafupi. Taonani lero."

Anamwaza tiana tija m'makona. Khoswe uja anatinunkhiza, n'kutitola kamodzikamodzi, kukatiunjika pa kachisa ka mapepala kamene anamanga yekha. Anatinyambita, kenako anatigonera pamwamba, kukweza mimba kuti tiyamwe. Tiana tinafufuza pamimbapo, koma panalibe kanthu.

"Mkaka alibe," alamu anatero akuseka. "Koma iye sakudziwa zimenezo. Wamkazi aliyense amagonja, alamu. Wa bere amagonja tsiku lomwelo, wopanda bere amachedwa, koma bola ungomutsekera nawo pamodzi."

Ndinawauza kuti anthu amisala ali mitundu iwiri, ena amatola mapepala mumsewu, ena amalipidwa kuti aonere makoswe akutola mapepala. Anaseka kwambiri, akuganiza kuti ndawayamikira.

Mng'ono wanga anachira ndi opaleshoni, mwana wamkazi. Koma bala linavuta, thupi linatentha, ndipo anakhalitsa m'chipatala pamene mwana anali atatulutsidwa kale. Atabwera kunyumba sanali munthu yemwe uja. Ankagona atayang'ana kukhoma. Mwana akalira, iye ankakoka bulangete kufunda kumutu, n'kumalira naye kunsi kwa bulangeteko. Mkaka unali utauma. Adokotala a anthu, osati a makoswe, anati ndi matenda odziwika amene amagwira amayi ena akangochira, ndipo amachizika, koma pamafunika nthawi.

M'mawa wina alamu anatulukira kushopu kwanga, malaya osasita, maso ofiira ngati a ziweto zawo.

"Alamu, mubwere mudzakhale nafe. Mwana akufuna munthu."

"Munthu wake ine? Thewera sindidziwa kumene limayambira. Itanani amayi anu."

"Amayi miyendo inawakana, mukudziwa. Inu musade nkhawa. Mungokhala naye pafupi, zinazo zichitika zokha."

Mawu amenewo ndikanawamvetsa tsiku lomwelo, chifukwa ndinali nditaona kale bokosi lija. Koma mutu unali pa mng'ono wanga. Ndinatseka shopu, tinakweza makina anga osokera m'galimoto mwawo, ndipo ndinapita.

Nditafika ndinapeza kabedi ka mwana aika kale m'chipinda chimene anandipatsa, pafupi penipeni ndi pilo wanga. Ndinati bwanji osakaika pabalaza. Anati pabalaza pamazizira. Chipindacho chinali chaching'ono moti ndikatambasula dzanja ndinkagunda kabediko.

Masiku oyamba ndinkamunyamula ngati poto wotentha. Ndinkasungunula mkaka wa m'chitini, kuyesa kutentha kwake padzanja monga anandionetsera anamwino, kumumwetsa, kumugoneka, n'kuthawira ku makina anga. Kanali kamunthu kokwinya nkhope, kaukali, kamphuno kake kophwatalala ngati ka bambo ake, ndipo ndinkakauza kuti ndi mphuno imeneyo kadzalimbikire sukulu. Ndinangokatchula kuti Kamphuno. Sindinkafuna kukayang'ana m'maso. Mwana wa mwini ndi gaga, saundika, ndinkadziuza choncho ndikupalasa makina.

Sindingakuuzeni tsiku limene zinasintha. Ndinangozindikira kuti ndasiya kumugoneka akamaliza botolo. Ndinazindikira kuti ndikusoka ndi phazi limodzi, lina likugwedeza kabedi. Kulira kwake ndinayamba kukumva ngati chilankhulo: kwa njala kunali kwina, kwa thewera kwina, ndipo kunali kwinanso kongofuna kuti wina abwere, kumene ndinkakukonda koposa. M'dengu langa la zidutswa za nsalu ndinasankha zofewa zokhazokha n'kumusokera kabulangete. Kafungo ka pamutu pake ndinkakamva ngakhale ndili kubafa. Ndisakubisireni, ndinamukonda mwana ameneyo kuposa chilichonse chimene ndinakondapo, kuphatikizapo bambo a mapasa aja.

Mng'ono wanga ndinkamusamalanso. Ndinkamusambitsa, kumupesa, kumukakamiza kudya, kumuperekeza kuchipatala. Nthawi zina ndinkamubweretsera mwana pabedi.

"Tamugwira pang'ono, wangosamba kumene."

"Achemwali, mutengeni. Ndimugwetsa. Akudziwa inu, ine sakundidziwa."

Ndinkamutenga. Ndipo mumtima mwanga, pansi pa chisoni chonse chimene ndinali nacho pa mng'ono wanga, munkakhala kachimwemwe kakuti mwana wabwerera m'manja mwanga.

Loweruka lina kunabwera anzawo a alamu a kuntchito kudzaona mwana. Ndinawapatsa tiyi n'kubwerera kukhitchini, Kamphuno ali paphewa. Chitseko chinali chosatseka bwino, ndipo alamu sadziwa kunong'ona.

"Alamu angawa sanaberekepo, ndipo ana ankawathawa," ankatero. "Ndinangoika kabedi m'chipinda mwawo. Sabata isanathe anali atayamba kumunyamula popanda chifukwa. Pano mpaka chisa anamanga, mwaona kabulangete kaja. Ndendende ngati ku labu."

Anzawo aja anaseka, kuseka kwa anthu ophunzira, kwapamphuno. Ndinalakalaka kulowa ndi ketulo n'kuwasambitsa dazi lija. Chimene chinandiwawa kwambiri si chipongwecho ayi, chipongwe chawo ndinachizolowera. Chinandiwawa n'chakuti sankanama. Ndinayang'ana mwana paphewa panga, atagwira kolala ya diresi langa ndi kadzanja kake, ndipo ketulo ndinaibweza pa sitovu.

Miyezi inapita. Mankhwala ndi uphungu zinayamba kumugwira mng'ono wanga. Anayamba kutuluka kukakhala pakhonde, kenako kuseka nthabwala za pawailesi, kenako kundikalipira kuti ndathira mchere wambiri. Tsiku limene anandikalipira ndinadziwa kuti akuchira. Anayamba kumuyang'ana mwana nthawi yaitali, koma akalira, iye ankangoima, manja ali pachifuwa, chifukwa asanasankhe chochita ine ndinali nditafika kale.

Alamu anaziona. Za makoswe zokhazokha munthu uja amaona.

Tsiku lina masana ndinabwera kuchokera kogula ulusi n'kupeza kabedi kasowa m'chipinda mwanga. Pansi panangotsala timabowo ta miyendo yake pakapeti. Ndinawapeza alamu pabalaza.

"Kabedi kali kuti?"

"Kwa mayi ake. Khalani pansi, alamu, ndikufotokozereni." Anavula magalasi ngati ali m'kalasi. "Mahomoni a pobereka amangotsegula chitseko. Akatha, chimene chimasunga umayi ndi kukhala ndi mwanayo, kumugwira, kumva fungo lake. Mkazi wanga nthawi ya mahomoni inamudutsa ali m'chipatala. Ndiye tsopano ayenera kudzera njira yaitali, imene munadzera inuyo. Koma m'bokosi limodzi simungakhale akazi awiri, wachangu amatola ana onse."

"M'nyumba muno mulibe bokosi, alamu. Muli anthu."

"Ee, ee, anthu. Koma mfundo yake ndi imodzi. Kuyambira lero akalira, inu musadzuke."

Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano. Iwo anangogwedeza mutu, ngati munthu amene akumva zimene amayembekezera. Kenako anapita kuchipinda, n'kubwera ndi Kamphuno amene anali atangodzuka. Anayala kabulangete kanga kaja pakati pa balaza, kutali ndi mipando yonse, n'kumugoneka pamenepo yekha. Anatsegula chitseko cha kuchipinda kwa mkazi wawo n'kuchisiya chotsegula. Atatero anakhala pampando moyang'anizana ndi ine.

Ndinachizindikira chimene ankachita. Ndinachiona ku labu, tiana titamwazidwa m'makona. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuyesa mkazi wake ndi mwana wake womubereka yekha ngati ziweto za pashelefu.

Kamphuno anayang'ana kudenga, anatukula timiyendo, kenako anakwinya nkhope. Kunali kulira kuja kongofuna kuti wina abwere. Thupi langa linanyamuka lokha.

"Alamu," anatero motsitsa mawu. Nthawi imeneyi sankaseka. "Chonde."

Ndinakhalanso. Manja ndinawakhalira, kuwapanikiza pansi pa ntchafu. Kulira kunakula. Mwana anatembenuzira mutu kumene kunali ine, chifukwa ankadziwa kuti ndili pomwepo, ndipo sankamvetsa chimene ndikuchedwera. Pachifuwa panga panawawa, pamene sipanakhalepo dontho la mkaka chibadwire. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi.

Mng'ono wanga anaonekera pachitseko, atagwira felemu. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana ine.

"Achemwali, akulira."

Ndikanatsegula pakamwa ndikanalira ndine.

"Achemwali, simukumva kodi?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinamva mapazi ake pasimenti, pang'onopang'ono, kenako mofulumira. Anagwada, analowetsa dzanja limodzi kunsi kwa mutu, lina kunsi kwa thako, mosazolowera, n'kumukweza. Kamphuno analira kwambiri, akukankha, akundifuna ine. Mng'ono wanga sanamubweze. Anamukanikiza pachifuwa, anaika mphuno pamutu pake, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku akung'ung'udza kanyimbo kamene mayi athu ankatiimbira. Patapita nthawi kulira kuja kunasanduka kusisima, kenako kunatha.

Ndinasangalala, Mulungu ndi mboni. Ameneyo ndi mng'ono wanga, ndinamulera ndekha mayi athu atamwalira, ndipo ndinkapemphera kuti tsiku limeneli lifike. Koma ndinamvanso ngati andichotsa chiwalo popanda mankhwala oletsa ululu. Nditadzutsa maso ndinaona alamu misozi ili m'masaya. Ndinatsala pang'ono kuwakhululukira. Kenako ndinawaona akusuzumira pawotchi yawo ya pamkono.

Zitatero zinthu zinayenda mwachangu. Mng'ono wanga anaphunzira kusungunula mkaka, kusambitsa, kusiyanitsa kulira. Ine ndinauzidwa kuti ndizikhala kumakina. Kamphuno poyamba ankanditambasulira manja ndikamadutsa, kenako anayamba kungondisekerera ali m'manja mwa mayi ake, monga amasekerera aliyense. Mwana saumira mtima, amangopita kumene kuli kofunda.

M'mawa wina alamu anati, "Alamu, mwatithandiza kwambiri, sitidzaiwala. Koma makasitomala anu akukusowani." Ndinamva chimene ankatanthauza. Mng'ono wanga anandikumbatira pakhomo akulira, akuti achemwali ndikanatani popanda inu, muzibwera Lamlungu lililonse. Anakweza kadzanja ka mwana kuti kanditsanzike. "Tawabayibitsa amayi aakulu." Kabulangete kaja ndinakasiya.

M'galimoto tinali awiri, makina ali kumbuyo akugwedezeka. Alamu anali okondwa, akuimba mluzu, akundiuza kuti zonse zayenda monga ankaganizira. Tinadutsa pamaloboti, tinadutsa pamsika. Titayandikira kushopu ndinawafunsa.

"Alamu, khoswe uja munandionetsa, wa ana obwereka uja. Mukamaliza zoyesa zanuzo mumatani naye?"

"Ana timawabweza kwa mayi awo."

"Ndikunena iyeyo."

Anaganiza pang'ono, ngati ndawafunsa mtundu wa nsapato zimene anavala chaka chatha.

"Iyeyo? Amatsala m'bokosi mwake. Amazungulirazungulira, kufukula utuchi, kununkhiza m'makona. Mwina masiku angapo, sindikudziwa bwino. Zimenezo sitiyeza. Kafukufuku wathu amathera pamene wayamba kutola ana." Anaimika galimoto n'kundiyang'ana mokondwera. "Mwafunsiranji, alamu? Mwayamba kuikonda sayansi eti?"

Ndinawasiya atsitse okha makina, athyoke nawo msana, dazi lituluke thukuta. Anawaika pamalo pake, anapukuta m'manja, anandithokozanso n'kunyamuka akuimba mluzu uja.

Ndinatsegula mawindo, ndinasesa fumbi la miyezi yonseyo, ndinathira mafuta m'makina. Ometa tsitsi anasuzumira n'kunena kuti takulandirani amayi, tinkati mwakwatiwa. Ndinakhala pansi, ndinalowetsa ulusi m'singano, ndipo ndinayamba kupinda siketi imene mwini wake anali atatopa kuidikira.

Ndili mkati mosoka, kwa ogulitsa misomali kunalira khanda la kasitomala wina. Kunali kulira kwa njala. Pamene ndinkazindikira, ndinali nditaima kale pakhomo, siketi ya mwini ili pansi, manja anga ali m'mwamba.